Tisanamange Chingwe M'chiuno



Lero tafuna tikambirane za ulendo umene gulu lathu lakhala likukonza kuyambira mwezi watha, wokakwera matanthwe ndi zingwe konkuno ku Cape Town. Ambiri mwamva kale mphekesera zake. Ena mwalembetsa maina, ena mukadali kusinkhasinkha, ndipo ena makolo kapena azakhali anu akukanizani kwamtuwagalu. Taona kuti n'koyenera kuyala poyera zonse zimene tagwirizana pamodzi ndi zifukwa zake, kuti wopita apite akudziwa chimene akukachita, ndipo wotsala asadzadandaule kuti tinamubisira kanthu.

Ife Amalawi okhala mumzinda uno, phiri la Table Mountain timaliona tsiku ndi tsiku. Wopita kuntchito mbandakucha amaliona pawindo la minibasi. Wosamalira maluwa m'nyumba za ku Camps Bay kapena ku Constantia amagwira ntchito m'munsi mwake mwenimweni. Munthu akasokera m'misewu amangokweza maso n'kuona kumene phirilo lili, basi wadziwa kolowera. Komabe pakati pathu alipo amene atha zaka zisanu kuno osapondako ngakhale tsiku limodzi. Phirili lakhala kwa ife ngati mpanda wa nyumba ya bwana: timadutsa m'mbali mwake, koma mumtima timati zam'katimo n'za eni ake ndi alendo a ndalama ochokera kunja. Maganizo amenewa ndiwo tikufuna kuthetsa. Malowa ndi paki ya boma, imene inakhazikitsidwa mu 1998 ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la SANParks. Aliyense wotsata malamulo ake ali ndi ufulu wolowamo, kaya anabadwira konkuno kaya anachokera ku Mzimba.

Tsono kuyandikira kwa phirili ndiko kukutidetsa nkhawa kwambiri ife okonza ulendo. Kwathu, munthu akafuna kukwera phiri la Mulanje amayamba kukonzekera kudakali masiku. Amakwera basi, amafika pa Likhubula, amapeza womutsogolera, ndipo dzina lokha la nsonga yake, Sapitwa, limamuchenjeza asanayambe n'komwe. Kutalika kwa ulendoko kumakonza mtima. Kuno zinthu n'zosiyana. Takisi imakutsitsa pamsewu wa Tafelberg, ndipo posakhalitsa waima kale patsinde pa thanthwe. Foni ikugwira bwinobwino, sitima za padoko zikuoneka, phokoso la magalimoto likumveka chapansipansi. Mtima umakunamiza kuti ukadali m'tauni, kuti zikavuta ungotsika n'kukakwera basi. Chonsecho phirili, pamalo ake okwera kwambiri otchedwa Maclear's Beacon, n'lotalika mamita 1,086, ndipo kutalikako kumayambira pafupi ndi nyanja penipeni. Mwala wa pansi pa phompho sufewa chifukwa choti chipatala chikuoneka chapatali.

Amene analipo kuno mu 2018 akukumbukira zimene zinachitika pa 1 Januwale chaka chimenecho. Anthu awiri anamwalira pa njira yokwerera yotchedwa Arrow Final, m'munsi mwa siteshoni yapamwamba ya ngolo zoyenda pa zingwe, zija zakhala zikunyamula alendo kuyambira mu 1929. Opulumutsa anachita kutsikira pa chingwe kuchokera m'ngolo momwemo kuti afikire munthu wachitatu amene anatsala wamoyo, uku alendo mazanamazana akudikira pamwamba mpaka usiku. Ngoziyo inachitikira pamalo oonekera mzinda wonse, ndipo mmodzi mwa omwalirawo anali wotsogolera alendo wolidziwa bwino phirilo. Sitikukumbutsa zimenezi pofuna kuopseza munthu ayi. Tikufuna kuti tonse tiyambire pa choonadi chimodzi, chakuti thanthwe la mumzinda limafuna kukonzekera kofanana ndi thanthwe la kuthengo.

Nkhani yoyamba imene inatidyera nthawi inali ya malo. Anyamata ena anaumirira kuti tipite ku Arrow Final komweko, poti amati njirayo si yovuta kwenikweni ndipo zithunzi zake n'zochititsa kaso. Kuti timvane, tinayenera kuyamba taphunzira kuti kukwera matanthwe kulipo kwa mitundu ingapo. Njira za pa matanthwe akuluakulu a Table Mountain sizikhomedwa mabawuti. Wotsogola amakwera atakoleka tizitsulo tosiyanasiyana m'chiuno, akafika pa mng'alu amatsekerapo kachitsulo koyenera n'kukoletsapo chingwe, ndipo womutsatira ndiye amadzachotsa. Thanthwe likatalika kuposa chingwe amaligawa zigawozigawo, n'kumaima pa kamalo kopapatiza m'malere kudikirana. Luso lotere limatenga zaka. Mtundu wachiwiri ndi wa pa matanthwe amene anakhomapo kale mabawuti olimba, monga ku Silvermine ndi ku Higgovale, pamalo pamene kale ankaphwanyapo miyala. Ndiye pali njira ya ophunzira. Mphunzitsi amayamba yekha kukakoleka chingwe pamwamba, nsonga zake zonse ziwiri n'kulendewera pansi. Nsonga imodzi amamangirira wokwera, inayo imakhala kwa mnzake woima pansi, amene amakoka chingwe pamene wokwerayo akukwera. Wokwera akaterereka sagwa patali, amangolendewera pomwepo.

Ife tasankha njira yachitatuyi, pa matanthwe aafupi a ku Silvermine. Malowa ali m'paki yomweyi, m'malire a mzinda, ndipo amafikika kudzera msewu wa Ou Kaapse Weg. Miyala yake ndi yamchenga wolimba, yokhala ndi ming'alu yopingasa yoti n'kugwiramo zala. Pachipata pamalipiridwa ndalama, ndipo a SANParks amafuna chilolezo kwa okwera pa mabawuti. Zimenezi mlembi wathu akulongosola sabata ino. Amene anakhumudwa ndi chisankhochi tikuwapempha kuti aleze mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Arrow Final sithawa.

Nkhani yachiwiri inali ya ndalama. Panamveka mawu akuti tisataye ndalama polipira mphunzitsi, popeza mavidiyo ophunzitsa ali mbwee pa intaneti, ndipo m'bale wina angathe kubwereka zingwe kuntchito kwake. Apa ndiye tinakanitsitsa. Chingwe chomangira katundu pa lole ndi chingwe chokwerera matanthwe n'zosiyana kutalitali. Chokwerera chinapangidwa kuti chizitamuka munthu akagwa, kuti mphamvu ya kugwako ithere m'chingwemo m'malo mothera mumsana mwa munthu. Chingwe chosatamuka, ngakhale chitapanda kuduka, chingathe kumuvulaza koopsa wogwayo. Ndiponso chingwe chobwereka sudziwa mbiri yake. Mwina chinagonera pafupi ndi batire la galimoto, asidi n'kudya ulusi wake mosaonekera. Choncho tagwirizana kulemba ntchito mphunzitsi wokhala ndi mapepala ovomerezeka, amene adzabwere ndi zingwe, malamba a m'chiuno ndi mahelemeti. Pomufuna sitinayende mwachimbulimbuli, tinafunsa odziwa, kuphatikizapo mamembala a bungwe la Mountain Club of South Africa, limene linayambira mumzinda uno mu 1891. Paja safunsa anadya phula.

Ndalama tikusonkha pang'onopang'ono monga timachitira pa chipereganyu, ndipo amene ali pa ulova pakadali pano asachite manyazi, gulu lawaganizira kale. Loweruka lina tisanapite kuphiri, tonse tidzayamba taphunzira pa khoma lam'nyumba ku CityROCK, ku Paarden Eiland. Wosafika tsiku limenelo, kuphiri angathe kudzapita ndithu, koma chingwe cha mnzake sadzachigwira.

Lamulo limeneli ena aliona ngati nkhanza, tsono tiyeni tiime pompa pang'ono, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tikamaganiza za masewerawa, maso athu amathamangira kwa amene ali pamwamba. Ndiye amajambulidwa, ndiye amaomberedwa m'manja. Koma moyo wake uli kwa uja waima pansi, khosi likuwawa n'kuyang'ana kumwamba, chingwe chikudutsa m'kachitsulo ka palamba wake. Kachitsuloko kamathandiza kuti ngakhale munthu wochepa mphamvu athe kuimitsa mnzake wogwa, bola dzanja lake logwira kumunsi kwa chingwe lisachoke. Likachoka kwa kamphindi kamodzi, kaya pofuna kuyankha foni kaya poingitsa ntchentche, mnzakeyo n'kuterereka nthawi yomweyo, palibenso chobweza. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake tagwirizana kuti wogwira chingwe foni yake izikhala m'chikwama, asamachezetsedwe, ndipo kumbuyo kwake kuziima munthu wachitatu wogwirizira chingwe chomwecho.

Wokwera asananyamule phazi, iye ndi wogwira chingwe amayenera kuunikana. Uyu aone ngati lamba wa mnzake wamangika ndiponso ngati mfundo yooneka ngati nambala 8 ija yamalizidwa, winayo aone ngati chingwe chalowa bwino m'kachitsulo ndipo ngowe yatsekedwa. Mwambo umenewu si wa ophunzira okha. Mu 1989 mayi Lynn Hill wa ku America, mmodzi mwa akatswiri otchuka padziko lonse, anagwa mamita oposa 20 ku Buoux, m'dziko la France, chifukwa anasokonezedwa ali pakati pomanga mfundo ndipo sanaimalize. Anapulumukira nthambi za mtengo zimene zinachepetsa liwiro la kugwa kwake. Munthu yemweyu mu 1993 anadzakhala woyamba kukwera njira ya The Nose pa thanthwe la El Capitan, kwawo ku America, ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongomuteteza. Ngati wotere angaiwale mfundo, nanga ife?

Pa kuunikanaku ndi pamene ife Amalawi tingapunthwe, ndipo chotipunthwitsa ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamng'ono sadzudzula wamkulu pagulu. Kuti mtsikana wa zaka 17 atsegule pakamwa n'kunena kuti, "Achimwene, mfundo yanuyi sinamangike," pamafunika mtima wolimba kuposa wokwerera thanthwe. Ndipo achimwenewo, poopa kuchepa pamaso pa anzawo, angathe kuyankha kuti, "Iwe, wayamba liti kundiphunzitsa?" Tagwirizaniranatu kuti patsinde pa thanthwe mawu oterewa asadzamveke. Wapampando, mlembi, ngakhale Bambo Mfumu atati abwere, aliyense adzakweza manja n'kulola kuti mnzake amuunike, kenako adzathokoza. Pamalo amenewa kulemekeza mkulu wako ndiko kugwira mfundo yake n'kuikoka kuti uone ngati yalimba. Poitanizana tidzagwiritsa ntchito mawu ochepa amene mphunzitsi adzatipatse, kuyambira ndi dzina la munthu nthawi zonse, kuopa kuti wa chingwe china angamasule mnzake poganiza kuti akuuzidwa ndi iye.

Nkhani yachitatu ndi ya nyengo, imene kuno ndi yotembenuka poyerekeza ndi ya kwathu. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kumudzi anthu akuotha dzuwa uku akutonola chimanga. Miyezi yotentha, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndiyo youma, koma imabwera ndi mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepoyi imakankhira chinyezi cha panyanja kumtunda, ndipo chinyezicho chikazizira chimasanduka mtambo uja umaphimba phiri ngati nsalu ya patebulo. Ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje sangaudabwe, ndi mbale wake wa chiperoni. M'tauni anthu ali m'malaya a manja aafupi, pamwamba munthu akunjenjemera ndipo sakumuona mnzake amene ali patsogolo pake. Mphepo ikakula, ngakhale ngolo za pazingwe zija zimaimitsidwa, ndipo amene ankadalira kutsika nazo amatsika wapansi kudzera ku Platteklip Gorge. Ku Silvermine n'kotsikirapo, komabe mphepo ndi nkhungu zimafikako.

Motero tapereka mphamvu kwa mphunzitsi kuti madzulo a Lachisanu adzaone zanyengo n'kunena ngati tikupita kapena ayi, ndipo mawu ake adzakhala omaliza. Kupweteka kwake tikukudziwa. Ena adzakhala atapempha tchuthi movutikira, ndalama ya minibasi italipidwa kale. Mtima udzati tiyeni tikangoyesa, mwina kukayera. Mtima umenewu ndiwo tikuuopa, ndipo n'chifukwa chake chigamulochi tachimanga lero tili pansi, mitu ili yozizira. Chimodzimodzinso nthawi yobwerera: ikadzakwana 2 koloko masana zingwe zidzatsitsidwa, ngakhale wina atakhala kuti sanakwereko kachiwiri. Aliyense adzanyamule madzi malita awiri, chipewa, jekete ndi kamba wake. Tidzafunsanso ngati malowo ali otsegula, popeza moto wolusa umawatseketsa, monga zinachitikira mu 2015 ndiponso mu 2025. Fodya ndi moto wa mtundu uliwonse n'zoletsedwa pa ulendowu. Amene anaona moto wa mu Epulo 2021, uja unatsika phiri n'kutentha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town, safunika kuuzidwa kawiri.

Thanthwe la mumzinda lili ndi vuto linanso, lakuti achifwamba nawonso amalifika mosavuta. M'njira zina za m'pakimu anthu akhala akulandidwa mafoni ndi zikwama. Tidzayenda pamodzi, tidzabwerera pamodzi, ndipo wofuna kupatuka adzapita ndi mnzake. Mndandanda wa maina athu, malo ndi nthawi yobwerera tidzausiya kwa mayi wina wa m'parishi mwathu amene wavomera kukhala pafupi ndi foni tsiku lonse. Osakwana zaka 18 adzabwere ndi kalata ya makolo kapena owayang'anira. Nambala ya gulu lopulumutsa anthu m'mapiri la Wilderness Search and Rescue aliyense adzailembe m'foni mwake tisananyamuke. Ambiri mwa opulumutsawa ndi anthu ongodzipereka, ndipo salipiritsa munthu chifukwa chomupulumutsa. Tikunena izi chifukwa timadzidziwa. Mlendo m'dziko la eni amaopa kuitana aboma, amaopa bilu, amaopa mafunso, ndipo amayamba wayesa kubereka wovulala kumsana. Munthu wogwa kuchokera pamwamba sanyamulidwa chisawawa, pakuti mwina msana kapena khosi lathyoka. Timamufunditsa, timaimba foni msanga, n'kudikira odziwa.

Tsopano tiyankhe funso limene amayi ena anatifunsa titatuluka m'tchalitchi: "Ana inu, mudabwera kuno kudzafuna ndalama kapena kudzafuna imfa?" Funsoli si lachibwana, ndipo sitinaliseke. Ambiri a ife chuma chathu ndi thupi lomweli. Womanga nyumba, woperekera zakudya mu lesitilanti, wogwira maganyu, akathyoka mwendo amakhala masabata ambiri osagwira ntchito, ndipo si mabwana onse amene amadikira. Kumudzi kuli ana asukulu ndi agogo amene amawerengera tsiku limene ndalama ifike pafoni. Tonse tinasonkhapo ndalama zotumizira maliro kwathu, ndipo kulemera kwake tikukudziwa, m'thumba ndi mumtima momwe. Sitinganame kuti ngozi palibiretu. Chimene tinganene n'chakuti pa thanthwe lalifupi, chingwe chili pamwamba, helemeti ili kumutu, mphunzitsi ali pompo, ngozi yake ndi yochepa, ndipo zonse talembazi cholinga chake n'kuichepetsanso.

Nanga bwanji osangokhala? Chifukwa moyo wochoka kuchipinda cha lendi kupita kuntchito, kuchoka kuntchito kubwerera kuchipinda, nawonso umadya munthu mwakachetechete. Tikuwadziwa anzathu amene Loweruka lawo limathera m'botolo chifukwa chosowa kolowera. Wachinyamata amafuna chinthu chomuyesa mphamvu, ndipo akapanda kuchipeza pabwino amakachifuna poipa. Tsiku limodzi pa thanthwe, mphepo ya panyanja ikuomba, tchire la fynbos likununkhira, nyanja ya False Bay ikuoneka chapansi, limamukumbutsa munthu kuti mumzinda uno iyenso ndi munthu, si manja ogwira ntchito okha. Ndipo amabwerako atadziwa chinthu chosaphunzitsika ndi pakamwa, chakuti alipo mnzake amene anasunga moyo wake m'manja osautaya, ndi kuti iyenso anasunga wa wina.

Kwa amene muli ndi mantha, tikuti bwerani nawo manthawo. Wofika mamita atatu n'kunena kuti "nditsitseni" adzatsitsidwa nthawi yomweyo, popanda kumukakamiza kapena kumuseka, ndipo chithunzi chake sichidzaikidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp iye asanalole. Wofuna kungoperekeza, kusunga zikwama ndi kuyang'anira kuti anyani asabe kamba, malo ake alipo. Zinyalala zathu tidzabwerera nazo, duwa sitidzathyola, ndipo wailesi idzatsala kunyumba kuti wokwera ndi wogwira chingwe azimvana.

Lamulungu likubwerali, Misa yachiwiri ikatha, tidzakumane m'holo kuti timalize mndandanda ndi kugawana atatuatatu. Makolo ndi otiyang'anira tikuwaitana mwaulemu kuti adzabwere ndi mafunso awo onse. Mphunzitsi adzakhalapo ndi zida zake kuti adzazione ndi kuzigwira okha. Pakadali pano aliyense adzifunse funso limodzi asanalembetse dzina: kodi mnzanga atandipatsa chingwe chake, ndingathe kuyang'ana kumwamba kwa mphindi 20 osacheuka? Amene wayankha kuti inde, tidzaonane Lamulungu.

Khalani ndi sabata yabwino. Ndife anzanu a m'komiti ya achinyamata.